Amene Wagwira Chipande: Phunziro la Moyo wa Limodzi Pasukulu

Abale anga aseminale, abambo ansembe ndi inu makolo athu, nditapemphedwa kulemba phunziro lonena za moyo wa limodzi pasukulu, maganizo anga adandibwezera ku chipinda chodyera cha kasukulu kena ka mishoni m'boma la Karonga, kumene ndidaphunzira ndisadalowe seminale. Kumeneko ndidachita chinthu chimene chimandichititsabe manyazi, ndipo ndidaphunzira kuti mawu akuti "ndife banja limodzi" amayesedwa pogawa chakudya. M'phunziroli titsata njira imene a gulu la YCS amaidziwa bwino, yochokera kwa wansembe wa ku Belgium, Joseph Cardijn: kuona, kuweruza ndi kuchita.

1. Tione

Sukulu yathu inali yaing'ono, moti aphunzitsi aakulu ankatidziwa tonse maina ndi kwathu komwe. Belu likalira m'mbandakucha, ena tinkasesa, ena kutunga madzi, kenaka tonse ku Misa. Tikaweruka m'kalasi kunali ntchito zamanja: kuthirira ndiwo kudimba, kuwaza nkhuni, kukwecha miphika. Amene amadziwa dzuwa la ku Karonga m'mwezi wa Okutobala andimvetsa ndikanena kuti khasu linkalemera. Madzulo kunali mpira ndi kwaya, Loweruka kuchapa ndi kulapa, ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Okutobala tinkapemphera Kolona tisadagone. Pa chaka cha Nkhoswe ya sukulu yathu anyamata ankavina mapenenga, amayi a mu parishi n'kutiphikira mpunga wa Kilombero ndi mbalagha, nthochi zaziwisi zophikira limodzi ndi nyama. Mlendo wobwera tsiku limenelo ankapita akunena kuti waona banja lenileni.

Koma banjalo linali la zilankhulo zambiri. Ambiri ankalankhula Chingonde ndi Chitumbuka. Panali ochepa ochokera ku mapiri a ku Chitipa, olankhula Chilambya, Chindali kapena Chisukwa. Panalinso ife a Chichewa, amene makolo athu adabwera ku Karonga pantchito. M'kalasi tinkalankhula Chingerezi, m'tchalitchi tinkaimba limodzi, koma tikafika kodyera aliyense ankafunafuna wakwawo.

Pa tebulo lililonse pankakhala anyamata 8, ndipo mmodzi wa m'makalasi apamwamba ndiye ankagawa chakudya. Chaka changa choyamba ndidagona ndi njala kangapo, chifukwa wogawayo ankayamba ndi anzake omvana nawo chilankhulo, ine n'kulandira msuzi wa nyemba wopanda nyemba. Ndidalumbira mumtima kuti ndikadzakula sindidzachita zimenezo.

Nditafika Fomu 3 chipande chidabwera m'manja mwanga. Pa tebulo langa panali anzanga awiri a Chichewa, ndiponso kamnyamata ka Fomu 1 kochokera ku Misuku, kofatsa, kosadziwa bwino Chichewa ngakhale Chitumbuka. Sindidakonze zomuzunza. Ndinkangoyamba ndi amene ndinkacheza nawo, mbale yake n'kukhala yotsiriza. Tsiku la usipa ankapeza mitu, tsiku la mpunga ankapeza zopserera za pansi pa mphika. Sadadandaule, poti akadadandaula m'chilankhulo chanji? Ine ndinkawerenga Mawu a Mulungu pa Misa, ndinali mlembi wa YCS, ndipo ndinkadziona ngati mkhristu wabwino.

Tsiku lina Bambo amene ankatiyang'anira adalowa kodyera mwadzidzidzi n'kukhala pa tebulo lathu. Adandiuza kuti ndigawe monga mwa masiku onse. Nditamaliza, iwo adatenga mbale ya mnyamata uja n'kundipatsa, yangayo n'kumupatsa iye. Sadandikalipire. Adangoti, "Dya, mwana wanga." Ndidayang'ana m'mbalemo, ndipo kanali koyamba kuona chimene mnzanga ankadya teremu yonse. Madzulo ake adandiitana n'kundiuza kuti mnyamatayo adali atalembera makolo ake kalata yopempha kuti adzamutenge. Bambo ake adagulitsa khofi wa chaka chonse kuti alipire fizi, ndipo mwanayo adatsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha chipande changa.

2. Tiweruze

Vuto limeneli silidayambire ku Karonga. Tikawerenga Ntchito za Atumwi, mutu 2 ndi mutu 4 imationetsa akhristu oyamba a ku Yerusalemu akupemphera limodzi ndi kugawana zonse. Koma pofika mutu 6 padabuka madandaulo. Ayuda olankhula Chigriki adadandaula kuti amayi awo amasiye ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Taonani: mkangano woyamba umene bukuli likusimba pakati pa magulu a akhristu unali wa chakudya ndi chilankhulo.

Tione zimene Atumwi adachita. Sadanene kuti odandaulawo akusokoneza umodzi, ndipo sadawauze kuti angopirira. Adaitana mpingo wonse n'kuupempha kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino oti aziyang'anira ntchitoyo. Osankhidwawo anali Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanore, Timoni, Parmenasi ndi Nikolasi, ndipo maina onsewa ndi a Chigriki. Akatswiri ambiri a Malembo Oyera amaona pamenepa kuti chipande chidaperekedwa kwa a mbali imene inkadandaula. Paulo Woyera nayenso, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 11, akudzudzula akhristu amene ankasonkhana ku Mgonero wa Ambuye, wina n'kukhuta mpaka kuledzera mnzake ali ndi njala. Kwa Paulo, wonyoza m'bale wake pa chakudya wanyoza Ukaristia umene.

M'boma lomweli la Karonga muli sukulu ya sekondale ya Chaminade, imene idatsegulidwa ndi a chipani cha Marianist m'chaka cha 1962. Dzinali ndi la Wodala William Joseph Chaminade, wansembe wa ku France amene adakhala moyo kuyambira 1761 mpaka 1850. Pa nthawi ya chipwirikiti m'dziko lake adathawira ku Zaragoza, ku Spain, m'chaka cha 1797. Atabwerera mu 1800 adapeza Mpingo utabalalika, ndipo adayamba ndi kusonkhanitsa achinyamata mu mzinda wa Bordeaux, olemera ndi osauka, ophunzira ndi amisiri, m'gulu limodzi. Mu 1817 adayambitsa chipani chimene ansembe ndi abulazala amakhala mofanana, popanda wina kudziyesa bwana wa mnzake. Nchifukwa chake mzimu wa pabanja ndi chimodzi mwa zinthu zimene a Marianist amatsindika m'sukulu zawo. Papa John Paul II adamutchula Wodala m'chaka cha 2000.

Mu 1994 Maepiskopi a mu Africa adasonkhana ku Roma pa Sinodi, ndipo adasankha chithunzi cha Mpingo ngati Banja la Mulungu. Sinodiyo idatsegulidwa pa 10 Epulo, patangopita masiku ochepa chiyambire kuphana kwa mitundu ku Rwanda, dziko la akhristu ambiri. Anthu obatizidwa ubatizo umodzi adaphana. Chikalata chimene Papa adasaina ku Yaoundé mu 1995 chikuchenjeza kuti banja la Mulunguli lisakhale ndi tsankho la mitundu. Wina anganene kuti mitu ya usipa ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi zimenezo. Inde ndi yaing'ono, koma akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mtima wozolowera kuika wakwathu patsogolo suyamba ndi chikwanje, umayamba ndi mbale.

Kwa ife ofuna unsembe nkhaniyi ndi yolemera koposa. Dayosizi ya Karonga, imene idapatulidwa kuchokera ku Dayosizi ya Mzuzu m'chaka cha 2010, Episkopi wake woyamba ali Ambuye Martin Mtumbuka, imafika ku Karonga, ku Chitipa ndi mbali ina ya Rumphi. Wansembe wa kumeneko amatumikira anthu a zilankhulo zonse zimene ndatchula zija. Madayosizi enanso ndi chimodzimodzi. Amene adalephera kugawa nyemba mwachilungamo kwa anthu 8, adzagawa bwanji nthawi yake, maudindo a mu parishi ndi chuma cha Mpingo?

3. Tichite

Zitachitika zija Bambo adaika malamulo awiri, ndipo ndikuwapereka kwa inu monga ndidawaonera akugwira ntchito.

Loyamba: wogawa atenge mbale yotsiriza. Agawe mbale zonse, anzake asankhe, iye atenge yotsalayo. Tsiku lomwelo dzanja langa lidaphunzira masamu amene kalasi idalephera kundiphunzitsa.

Lachiwiri: pa tebulo lililonse pakhale zilankhulo zosachepera zitatu, ndipo aliyense aphunzire moni ndi kuthokoza m'chilankhulo cha mnzake. Ndimo ndidadziwira kunena "mugonile" ndi "ndaga" kwa Angonde, "monire" ndi "yewo" kwa Atumbuka. Mnyamata wa ku Misuku uja ndiye adatiphunzitsa zakwawo, akuseka m'mene malilime athu ankapotokera. Ndidakamupepesa kuseri kwa khitchini. Adangogwedeza mutu, koma sadachoke, ndipo adamaliza Fomu 4.

Kwa anzanga aseminale: chipande sichili kodyera kokha. Kaputeni wa mpira wagwira chipande posankha osewera. Woyang'anira ntchito zamanja wachigwira pogawa amene akatsuke zimbudzi ndi amene akakonze maluwa ku guwa. Wotsogolera kwaya wachigwira posankha nyimbo za chilankhulo chake chokha. Dzifunseni kuti ndani amakhala wotsiriza kwa inu, ndipo chifukwa chake nchiyani.

Kwa abambo ansembe ndi aphunzitsi: mwana wovutika kawirikawiri sabwera ku ofesi. Nthawi zina khalani nafe pa tebulo osatichenjeza. Zimene mudzaone m'mbale simungazione pa lipoti.

Kwa makolo: mwana akabwera ku tchuthi musangomufunsa nambala imene wakhala m'kalasi. Mufunseninso kuti amadya ndi yani, ndipo waphunzira mawu angati a chilankhulo cha anzake. Chonde musamulangize kuti azikayenda ndi akwathu okhaokha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Werengani Ntchito za Atumwi 6:1-7. Kodi pasukulu pathu pano amene amaiwalidwa pogawa ndani?
2. Kodi wodandaula timamumvera, kapena timamutcha wosokoneza?
3. Tchulani zipande zitatu zimene zili m'manja mwa ophunzira pano. Zikugwiridwa bwanji?
4. Kodi gulu lathu lingasinthe chiyani sabata ino lomwe, osadikira Bambo Rekitala?

Tipemphere

Ambuye Yesu, Inu mudanyema mkate ndi kugawira onse osasiyapo mmodzi. Tsekulani maso athu kuti tiziona mbale ya mnzathu tisadaone yathu. Amayi Maria, amene mudazindikira ku Kana kuti vinyo watha ena asadazindikire, mutipempherere. Amen.