Mafunso ndi Mayankho: Mlandu Uli ndi Dzanja Lamanzere

Makalata a lero achokera m'boma la Ntcheu, ndipo akukhudza oyimba kiyibodi amene sakukhutiranso ndi makodi atatu a tsiku la Mulungu, akufuna kulowa m'nyimbo zolembedwa za piyano, za Bach, Beethoven ndi anzawo. Tiyambe ndi kalata ya mnyamata wina wa ku Tsangano.

Funso: "Ndimayimba kiyibodi m'kwaya ya kwathu, ndipo nyimbo iliyonse ndikangoimva ndimaitola. Koma Für Elise ya Beethoven yandikanika. Poyambira pamayenda bwino, ndikafika pakati zala zimakangana. Kodi vuto ndi kiyibodi yathu, poti ili ndi makiyi 61 okha?"

Yankho: Achimwene, kiyibodi musainamizire. Mlandu uli ndi dzanja lanu lamanzere, ngakhale nalonso silinalakwe dala, linangoleredwa molekerera. Pa kiyibodi ya kutchalitchi, dzanja limeneli limangodina makiyi atatu n'kudikira, makina n'kumaliza ng'oma ndi besi okha. Kwaya ikati nyimbo yakwera, mumadina batani la transpose, zala n'kukhalabe pamalo pomwe zinazolowera. Munthu atha kutumikira chomwecho zaka khumi, kumuyamikira mpingo wonse, koma dzanja lamanzere lisanayimbepo mzere wa nyimbo wakewake. Tsono taonani mmene Für Elise inapangidwira. Chigawo choyamba, chimene aliyense amachidziwa, manja amachita kulandizana: lamanja likayimba, lamanzere limaponya manotsi atatu n'kupuma. N'chifukwa chake chimaoneka chofewa. Chigawo chachiwiri, lamanzere limayenda osaima pamene lamanja likuthamanga ndi timanotsi tofulumira. Chachitatu, lamanzere limagogoda notsi imodzi mobwerezabwereza, mosasintha liwiro, lamanja likusintha makodi pamwamba. Pamene mukuti zala zikukangana ndi pamene manja awiri ayamba kugwira ntchito ziwiri zosiyana nthawi imodzi, ndipo luso limenelo simunaliphunzirepo. Kubwereza nyimboyo kuyambira pachiyambi kakhumi patsiku kumangonoletsa mbali imene mukuidziwa kale.

Pa nkhani ya makiyi muli ndi mfundo, koma ndi yaing'ono kuposa mmene mukuganizira. Piyano ya makiyi 88 inakhazikika cha m'ma 1880. Bartolomeo Cristofori, amene anapanga piyano yoyamba ku Florence cha m'ma 1700, zake zinali ndi makiyi ochepa kuposa anuwo. Ya Mozart inali ndi makiyi 61, monga yanu, kungoti inkayambira pa F wapansi pamene yanu imayambira pa C. N'zoona kuti chakumapeto kwa Für Elise manotsi ena amapitirira pamene kiyibodi yanu yathera, ndipo Beethoven ndi Chopin amafuna pedulo komanso makiyi omva kulemera kwa chala. Koma alipo wopeka nyimbo mmodzi amene kiyibodi yanu imamukwanira bwinobwino: Johann Sebastian Bach, amene anabadwa mu 1685 n'kumwalira mu 1750. Chida chimodzi chimene ankalembera, harpsichord, mawu ake sakwera kapena kutsika ngakhale udine mwamphamvu, chimodzimodzi kiyibodi yotsika mtengo. Ndipo nyimbo zake 15 za mawu awiri, zotchedwa Inventions, zimene anazikonza pophunzitsa mwana wake Wilhelm Friedemann n'kuzilemba bwino mu 1723, zonse zimakwana pa makiyi anuwo.

Tengani yoyamba, ya mu C. Ndi yaifupi, ili ndi ma bar 22 basi. Dzanja lamanja limayamba lokha ndi kachiganizo ka manotsi ochepa, kokwera masitepe kenaka n'kubwerera. Lisanapite patali, lamanzere limalowa ndi kachiganizo komweko pansi pake, ngati likuyankha. Patsogolo pang'ono Bach amakatembenuza, pokwera paja n'kukhala potsika, ndipo nyimbo yonse imamangidwa ndi kanthu kamodzi kameneka. Mulibe dzanja loperekeza linzake. Onse awiri ndi eni nyimbo, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi, aliyense ndi munsi wake, wina akaphonya nthawi minsi igundana. Mukaimaliza nyimbo imeneyi bwinobwino, chigawo chachiwiri cha Für Elise mudzachipeza chafewa chokha.

Koma musathamangire ku Inventions mawa lomwe. Makwerero oyamba muli nawo kale m'tchalitchi mwanu. Zimitsani ng'oma za makina, transpose ibwerere pa ziro, mutenge nyimbo ya m'buku imene kwaya yanu imaiyimba m'mawu anayi, muiyimbe monga momwe inalembedwera: soprano ndi alto kudzanja lamanja, tenala ndi besi kulamanzere. Mudzaona kuti pena tenala watalikirana ndi besi moti dzanja silingafike, ndiye chala chachikulu cha kumanja chimatsika kukamutola. Kaluso kameneka n'komwe kamafunikanso m'nyimbo zikuluzikulu. Kuchoka apo mupite ku Minuet ya mu G ya m'kabuku ka Anna Magdalena Bach ka 1725, imene anthu ambiri amati ndi ya Bach pamene ndi ya Christian Petzold. Kenaka Invention yoyamba, kenaka imodzi mwa ma sonatina a Clementi a Opus 36. Für Elise ibwere pambuyo pa zonsezi, ndipo ibwere yathunthu, osati tsamba loyamba lokha.

Mwina mukuti, nanga khutu langa lomwe limatola nyimbo lili ndi ntchito yanji? Lili nayo yaikulu, ndipo ambiri ophunzira m'masukulu a nyimbo amalisirira. Vuto lake n'lakuti khutu limagwira mawu apamwamba ndi makodi, koma mawu apakati limangoganizira, ndipo m'nyimbo izi mawu apakatiwo ndiwo nyimbo. Solofa, imene John Curwen anaifalitsa ku England ndipo amishoni anadza nayo kuno, ndi yabwino kwa woyimba ndi pakamwa, chifukwa iye amatsata mzere umodzi. Woyimba piyano amatsata mizere iwiri, itatu, pena inayi, ndipo manotsi a pa mizere isanu amamuonetsa ndi maso pamene mawu akukwera, pamene akutsika, ndi pamene akukumana. Kuwerenga kumeneku n'kosazembeka. Phunzirani makamaka mizere ya m'munsi, ya besi, imene oyimba kiyibodi ambiri amailambalala.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Lizulu.

Funso: "Ndine munthu wamkulu, wapabanja, nthawi ndilibe, magetsinso ndi othimathima. Ndimalakalaka Moonlight Sonata. Mwana wanga akuti ndiziphunzira pa mavidiyo a pa YouTube oonetsa timizere tikugwera pa makiyi. Kodi sindinachedwe?"

Yankho: Mayi, simunachedwe, koma sindikunamizani kuti msinkhu ulibe kanthu. Amene anayamba ali mwana zala zake zimapepuka msanga. Chimene wamkulu amaposa nacho mwana n'chakuti amatha kudziwa pamene palakwika n'kukhalapo mpaka pakonzeke. Alan Rusbridger, ali mkonzi wamkulu wa nyuzipepala ya The Guardian ku London, anaphunzira Ballade yoyamba ya Chopin, imodzi mwa nyimbo zoopsa ngakhale kwa akatswiri, pomadzipatsa mphindi pafupifupi 20 patsiku, ndipo zinamutengera kupitirira chaka. Nkhaniyi anailemba m'buku lake la Play It Again la 2013. Tisabise, bamboyu piyano anaiphunzirapo ali mwana, analinso ndi aphunzitsi omuwongolera. Chimene tingatolepo si chakuti aliyense alumphire pa Chopin, koma chakuti mphindi zochepa za tsiku ndi tsiku zimagwira ntchito yoposa maola atatu a Loweruka lokha. Ku Fort Worth, ku America, kuyambira mu 1999 kumachitika mpikisano wa Van Cliburn wa anthu oyimba piyano mongokonda, ndipo olowa nawo ndi madokotala, maloya ndi ena amene amadya za ntchito zina.

Mphindi 20 zimenezo zimapindula ngati mwazigwiritsa ntchito pamalo pamodzi. Tengani ma bar awiri kapena anayi. Lembani ndi pensulo nambala ya chala pa notsi iliyonse yokayikitsa, chachikulu 1 mpaka chaching'ono 5, ndipo mukasankha musamasinthesinthe, chifukwa dzanja limasunga chimene mwalibwerezera, cholondola kaya cholakwika. Yambani ndi lamanzere lokha, mukuyimba mzere wake pakamwa m'solofa. Kenaka lamanja lokha. Pophatikiza, yendani pang'onopang'ono mpaka nyimboyo isazindikirike, chifukwa kuthamanga si kufika. Mukalakwitsa pamalo pomwepo kawiri, dziwani kuti liwiro lachuluka. Ndipo polekeza muzilowa notsi imodzi ya chigawo chotsatira, kuti polumikizira pasadzakhale dzenje. Mkono ukayamba kuwawa kapena zala kuchita dzanzi, lekani tsiku limenelo. Ululu pa piyano ndi chizindikiro cha kuumitsa thupi, si cha khama. Ena adzakuuzani za buku la Hanon la 1873 la masewera a zala 60. Silolakwika, koma manja onse awiri amachita zofanana m'menemo, ndiye matenda amene tikukambawa siliwachiza.

Za mavidiyo a timizere tija, ubwino wake ndi umodzi: munthu amamva nyimbo ikutuluka m'zala zake sabata yoyamba yomwe, mtima n'kulimba. Koma timizereto timangokuuzani kiyi yodina. Sitikuuzani chala, sitikuuzani notsi imene ili ya nyimbo ndi imene ili yoperekeza. Mu chigawo choyamba cha Moonlight Sonata, imene Beethoven anailemba mu 1801, dzanja lamanja limagwira ntchito ziwiri: zala zina zimayenda ndi manotsi atatuatatu mwakachetechete, pamene chala chaching'ono chimayimba nyimbo yeniyeni pamwamba, momveka kuposa zinzake. Pa vidiyo zonsezi zimaoneka zofanana. Wophunzira chomwecho akaiwala pakati amabwerera pachiyambi, ndipo nyimbo yachiwiri imamuvuta ngati yoyamba, pamene wowerenga manotsi nyimbo iliyonse imamupeputsira yotsatira. Onjezanipo mtengo wa bandulo. Nyimbo zonse zimene ndatchulazi zilipo zaulere pa intaneti, pa IMSLP. Mukazisindikiza kamodzi pa boma, pepala silifuna magetsi. Akazima, khalani pa tebulo ndi pepala lanu, dzanja lililonse ligogode nthawi yake, kenaka onse pamodzi. Chigawo choyambacho mungachifike, mutapeza pedulo ndi kiyibodi yomva kulemera kwa chala, komanso yotalikirapo, poti besi yake imatsika kupitirira makiyi 61. Chigawo chachitatu, chaliwiro chija, ndi cha zaka zambiri m'tsogolo.

Kalata yomaliza ndi ya mkulu wa mpingo wa kufupi ndi Mlanda, ndipo iwowa sakufunsa kwenikweni, akutsutsa.

Funso: "Kiyibodi tinagula ndi chopereka cha Akhristu. Anyamata akuthera nthawi pa nyimbo zachizungu zopanda mawu, zimene palibe angavine kapena kupembedza nazo. Phindu lake n'chiyani?"

Yankho: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo chida cha mpingo chiyenera kukhala ndi malamulo ake. Koma taganizirani za Bach yemweyu. Kuyambira mu 1723 mpaka imfa yake anali woyang'anira nyimbo m'matchalitchi a ku Leipzig, akuphunzitsa anyamata a kwaya ndi kukonza nyimbo za mapemphero. Kayimbidwe ka mawu anayi kamene kanafika ku Mlanda, ku Gowa ndi ku Dombole ndi amishoni, n'kochokera m'banja lomwelo la nyimbo. Makwaya athu akamayimba Haleluya ya Handel, yochokera mu Messiah ya 1741, palibe amati ndi yachilendo, koma kawirikawiri woyimba kiyibodi amangoponyamo makodi mwa apo ndi apo chifukwa zolembedwazo sangaziwerenge. Mnyamata amene wadutsa m'njira imene ndafotokozayi adzatha kupatsa tenala mzere wake pa pulakatisi, adzayimba nyimbo ya maliro popanda ng'oma za makina, ndipo mlendo akabwera ndi nyimbo yatsopano papepala, sadzayamba kufufuza kiyi mpingo uli chiimire. Phindu loyamba ndi lanu.

Kunena kuti piyano ndi ya azungu okha nakonso kunatha kale ntchito. Emahoy Tsegué-Maryam Guèbrou, sisitere wa ku Ethiopia amene anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 99, anapeka nyimbo za piyano zomveka kwawo. Akin Euba wa ku Nigeria ndi Kwabena Nketia wa ku Ghana analemba nyimbo zimene piyano imalankhula ngati ng'oma, ndipo William Chapman Nyaho anasonkhanitsa nyimbo za opeka a mu Africa ndi akuda a kunja m'mabuku asanu a Oxford University Press. Onsewa anayamba aphunzira kuwerenga ndi kumasula manja awiri. Mwana wa kwa Gomani amene wakulira pa ngoma ndi kuwomba m'manja kopingasa amadziwa kale m'thupi kuyendetsa nthawi ziwiri pamodzi, chinthu chimene chimazunza ophunzira ambiri akafika pa Chopin. Chimene chikusowa n'choti luso limenelo lifike ku zala, ndipo tsiku lina lidzalembedwe papepala kuti enanso adzaliyimbe. Pempho langa n'lakuti musawaletse anyamatawo. Apatseni nthawi yodziwika pakati pa sabata, ndipo muwalamule kuti pa mwezi aziyimba nyimbo imodzi ya m'buku m'mawu ake anayi, makina ali chete.

Inu achimwene a ku Tsangano ndi mayi a ku Lizulu, yambani sabata ino ndi nyimbo imodzi ya m'buku, dzanja lamanzere lokha. Mukadzalembanso, mutchule dzina la nyimbo, nambala ya bar imene yakuvutani ndi zala zimene mukugwiritsa ntchito, kuti tidzakuyankheni pamalo penipenipo.