Kompyuta Yosiyidwa Usiku Isamawononge Mphamvu pa Zokongoletsa

Pa chilumba cha Chisi, pomwe anthu ambiri amadalira magetsi a dzuwa, mphamvu ya m'batire imasungidwa ngati ufa wa mu February. Komabe pali ntchito zina zimene kompyuta imagwira maola ambiri popanda woiyang'anira, monga kukopera kaundula wa sukulu kapena kusandutsa mavidiyo a maphunziro kuti aziseweka pa foni. Batire ikatha ntchito ili pakati, m'mawa kalaliki amakwera boti la ku Kachulu opanda lipoti, ndipo ulendo wa ku Zomba umapita pachabe.

Chilichonse chooneka pa sikirini chimadya mphamvu. Zithunzi zoyendayenda, mithunzi ya mawindo ndi masamba a intaneti osiyidwa otsegula, zonsezi zimalimbirana purosesa ndi RAM pamodzi ndi ntchito yeniyeniyo. RAM ikadzaza, kompyuta imayamba kusunga zinthu pa disiki, yomwe ndi yochedwa kwambiri, makamaka m'malaputopu akale. Apa ndi pamene ntchito imayamba kukwawa ngati nanzikambe. Ngakhale pulogalamu yolemba pa sikirini mzere uliwonse umene yamaliza imadzichedwetsa yokha, pomwe m'chipindamo mulibe wowerenga.

Choyamba ndi kutseka Chrome ndi mapulogalamu ena onse osafunika. Kawirikawiri phindu lalikulu limachokera pamenepa. Kenako, pa Windows, wogwiritsa ntchito alowe mu Performance Options n'kusankha Adjust for best performance, zomwe zimazimitsa zokongoletsa. Pa Linux nkhani ndi yokoma kuposa apo: lamulo lakuti systemctl isolate multi-user.target limachotseratu mawindo onse n'kusiya malemba okha. Lamuloli liperekedwe ntchito isanayambe, chifukwa limatsekanso mapulogalamu amene anali otsegula m'mawindowo.

Msampha uli pa kusokoneza kuzimitsa sikirini ndi kugoneka kompyuta. Sikirini ikazima, ntchito imapitirira ndipo batire imakhalitsa. Koma kompyuta ikalowa mu Sleep, zonse zimaima mpaka wina aidzutse. Choncho sikirini ikonzedwe kuti izizima pakangotha mphindi imodzi, pomwe pa Sleep pasankhidwe Never. Malaputopu ambiri amagonanso akangopindidwa, motero ndi bwino kuisiya yotsegula, pa tebulo osati pa bulangeti, kuti mphepo izilowa pansi pake. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha.