Bokosi la sipika si ng'oma

Ku Libuyu kuno ankandidziwa ngati mnyamata wa mawaya, moti achemwali anga atati akwatiwe, ndinadziguguda pachifuwa kuti zoimbira ndibweretsa ndine. Ndalama zonse zinathera pa sipika ya mainchesi 12. Za bokosi ndinangotola pulayiwudi ya mamilimita 6 yotsala pokhoma siling'i, n'kuilumikiza ndi misomali, mbali zonse zofanana kukula.

Amalume, kalipentala amene anakalambira pa matabwa a mukusi muno mu Livingstone, analigogoda ndi chala. Linayankha motalika kuti buuu.

"Mphwanga, wasema ng'oma apa," anatero.

"Amalume, bola likulira," ndinayankha ndikuseka.

Tsiku la ukwati, mkwati ndi mkwatibwi akulowa movina kalindula, ndinakweza voliyumu. Besi itangogunda, bokosi linayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, likusuntha lokha patebulo. Misomali inasolomoka, mpweya n'kumatuluka m'ming'alu kuti fwee fwee. Mtsogoleri wa mwambo ankamveka ngati akulankhulira mumtsuko. Anthu anatseka makutu, ine ndinasowa pobisa nkhope.

M'mawa mwake amalume anandikhazika pansi. Sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, imaukankhanso kumbuyo, m'kati mwa bokosi. Thabwa lopyapyala limagwedezeka ndi mpweyawo n'kuyamba kuimba nyimbo yakeyake. Ng'oma timafuna kuti thupi lake lilire, koma bokosi la sipika liyenera kukhala duu, kuti imveke sipika yokha.

Tinayambiranso ndi thabwa la mamilimita 18. Thabwa likanenepa kawiri, kuuma kwake popindika kumachuluka kasanu n'katatu. M'kati tinapingasa timitengo tolumikiza mbali zoyang'anizana, osati pakatikati penipeni, kuti zigawo zotsalazo zisamanjenjemere pa liwu limodzi. Kutalika, m'lifupi ndi kuya tinazisiyanitsa, chifukwa zikafanana mawu obwerera m'katimo amaunjikana pamodzi. Polumikiza tinathira guluu ndi kumanga masikuluwu, ming'alu yonse n'kuitseka. Makoma a m'kati tinawayala bulangeti lakale, koma bowo lotulukira mpweya tinalisiya lotseguka.

Amalume anakumbutsanso za phula limene oimba amamata pachikopa cha ng'oma kuti asinthe kaliridwe kake. Akatswiri a BBC nawonso, m'zaka za m'ma 1970, anamata zigamba za phula m'kati mwa timabokosi tawo totchuka ta LS3/5A kuti matabwa asamanjenjemere nthawi yaitali.

Titamaliza, amalume anagogodanso. Linangoti go, basi. Mawu a akulu amakomadi akagonera, koma ukwati wa achemwali unali utapita kale, ndipo mpaka lero alamu anga amanditcha "wa ng'oma".

Inu amene mukupanga lanu, ligogodeni musanamangemo sipika. Likakuyankhani motalika, musapite nalo pagulu.