Musathamangire Kufomata

Achinyamata inu amene mwayamba kukonza makompyuta a abale ndi anansi, pali mawu amene mumafulumira nawo: "Tingoifomata." Chonde asiyeni. Kompyuta ikakana kuyaka mutangoichotsa pa Windows 10 kupita pa Windows 11, nthawi zambiri chasokonekera ndi kayakidwe kokha. Zithunzi za chinkhoswe, ntchito ya kusukulu ya mlongo wanu, kaundula wa ngongole za pagolosale, zonse zikadali mu hadi disiki. Zimatayika pamene inu mwafomata.

Nkhaniyi yakula chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye ambiri akukakamiza Windows 11 pa makina akale opanda TPM 2.0. Enanso magetsi amawathimira ntchito ili pakati.

Choyamba, dekhani. Ngati timadontho tikuzungulira pa sikirini ndipo kanyali ka hadi disiki kakuphethira, makinawo ali pa ntchito. Asiyeni pa chaja ngakhale maola awiri. Zikapanda kusintha, zimitsani, muzule fulashi, pulintala ndi china chilichonse cholumikizidwa, chifukwa makina ena amafunafuna Windows mu fulashi n'kuima pomwepo. Pakatuluka sikirini ya buluu yokhala ndi mawu, ijambuleni ndi foni isanazime. Mawu ngati INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE akukuuzani kuti Windows ikulephera kufikira hadi disiki, osati kuti disikiyo yafa.

Apa ndiye pamene ambiri sadziwa. Yatsani, ndipo chizindikiro cha Windows chikangooneka, dinikizani batani loyatsira osalisiya mpaka makina azime. Mukatero kawiri kapena katatu, Windows imatsegula yokha malo okonzera. Lowani pa Troubleshoot, kenako Advanced options. Yesani Startup Repair. Ikalephera, sankhani Uninstall Updates. Makinawo amasunga Windows 10 yakale ija mu foda ya Windows.old kwa masiku 10 okha, choncho musaike kompyutayo pansi pa bedi n'kumati mudzaiona mwezi wamawa.

Malaputopu ambiri atsopano amapempha nambala ya BitLocker, ya manambala 48. Kawirikawiri imakhala mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Mufunseni modekha, mulowe naye pa foni mpaka muipeze, pakuti popanda nambalayo palibe katswiri angatsegule mafayilowo.

Zonse zikakanika, ikani Ubuntu pa fulashi, muyatsire makinawo pamenepo, musankhe kungoiyesa osati kuiika, kenako mukopere mafayilo pa disiki ina. Zimadya nthawi, inde, ndipo wofulumira amalandira ndalama yake msanga. Koma ndaonapo mayi atakhala pa benchi ya wokonza makompyuta, manja ali kunkhope, atauzidwa kuti zithunzi za malemu amuna awo zapita.

Musafomate kompyuta ya munthu mwini wake asanaone ndi maso ake kuti mafayilo ake mwawasunga pena.