Bilu ya odwala imene inagona zaka zitatu ku New York

Chaka cha 2013 chikuyamba, ambiri ku New York ankaona ngati mpando wa meya wapeza kale mwini wake. Mayi Christine Quinn, sipikala wa khonsolo ya mzindawo, ndiwo ankatsogola mwa onse ofuna kuimira chipani cha Democratic, ndipo mbiri yawo inali yokoma kumva. Asanalowe ndale ankamenyera ufulu wa anthu okhala m'nyumba za lendi. Analowa m'khonsolo mu 1999 poimira dera la Chelsea ndi Greenwich Village, ndipo mu 2006 anakhala mayi woyamba kukhala sipikala. Mu 2008 khonsolo yawo inakhazikitsa lamulo lopatsa alendi mphamvu yosumira malandilodi owazunza. Aliyense wofuna mtsogoleri woimira anthu wamba akanangoona zimenezi n'kunena kuti wam'peza.

Mukatsegula kaundula wa mavoti a m'khonsolomo, mupezanso kuti mu Meyi 2013 Mayi Quinn anavomereza lamulo loti wantchito akadwala azipuma masiku asanu pachaka osadulidwa malipiro. Makhansala 45 anati inde, atatu okha anakana. Meya Michael Bloomberg atakana kusaina, khonsolo inavotanso mu Juni n'kulikhazikitsa popanda iye. Zonsezi n'zoona. Koma amene angawerenge tsamba limeneli lokha wanamizika, chifukwa kaundula amangolemba tsiku la voti, salemba zaka zimene votiyo inkakanizidwa kuchitika.

Biluyi inabwera m'khonsolo mu 2009 kudzera mwa khansala Gale Brewer. Chinali chaka cha chimfine cha H1N1, chimene chinatseketsa sukulu zingapo mumzindawo, ndipo azaumoyo ankalangiza aliyense wodwala kuti akhale kunyumba. Langizo labwino, koma anthu oposa 1 miliyoni mumzindawo analibe tsiku ngakhale limodzi loti angadwale n'kulandirabe malipiro. Taganizirani mayi wotsuka mbale mu lesitilanti ku Queens amene wadzuka thupi likutentha. Akajomba, ndalama ya tsikulo yapita, mwinanso ntchito yomwe, pomwe lendi ikudikira kumapeto kwa mwezi. Amamwa mapiritsi, n'kukwera sitima yodzaza anthu, n'kukaima tsiku lonse pafupi ndi chakudya cha makasitomala. Mwana akadwala, amam'tumizabe kusukulu chifukwa palibe wotsala naye.

Khonsolo ya New York ili ndi makhansala 51, ndipo pamafunika 34 kuti agonjetse meya akakana lamulo. Amene anasaina kuti akugwirizana ndi biluyi anaposa nambala imeneyi. Ikanangofika povota, ikanadutsa. Koma amene amasankha bilu yoti ivoteredwe ndi sipikala, ndipo mu Okutobala 2010 Mayi Quinn analengeza kuti saibweretsa. Chifukwa chimene anapereka sichinali chopanda nzeru: chuma chinali chisanadzuke pambuyo pa mavuto a 2008, ndipo ankaopa kuti mabizinesi ang'onoang'ono alemedwa n'kuyamba kuchotsa antchito. Munthu angakhale ndi maganizo amenewa moona mtima. Chimene sindingavomereze n'chakuti sanalole anzawo kuvota kuti iwo akane poyera dzina lawo lilembedwe. Anaikhalira biluyo, ndipo pokhala kuti voti sinachitike, palibe "ayi" wawo amene analowa m'buku.

Anadzagonja mu Malichi 2013, chisankho cha chipulula chitatsala miyezi isanu ndi umodzi, mabungwe a antchito ndi amayi otchuka monga Gloria Steinem atawapanikiza. Ngakhale pamenepo lamulolo linatuluka litachepetsedwa: linkayamba ndi makampani a antchito 20 kapena kuposerapo, ndipo linkadikira mpaka 2014 kuti liyambe kugwira ntchito.

Yerekezani kuchedwa kumeneku ndi liwiro la nkhani ina. Anthu a ku New York anavota pa referendamu mu 1993 kuti meya ndi makhansala azilamulira matemu awiri okha, ndipo mu 1996 anakana kusintha zimenezo. Mu Okutobala 2008 a Bloomberg, mmodzi wa anthu olemera kwambiri ku America, anati akufuna temu yachitatu chifukwa cha mavuto azachuma. Mwezi womwewo usanathe, pa 23 Okutobala, khonsolo ya Mayi Quinn inavota 29 kwa 22 kuwapatsa zofuna zawo popanda kubwerera kwa anthu. Makhansala ambiri, kuphatikizapo sipikala, anapindula nawo temu yachitatuyo. Mu 2010 ovota atafunsidwanso, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anabwezeretsa matemu awiri. Pempho la meya linatenga masabata atatu, la wotsuka mbale linatenga zaka zoposa zitatu. Pamenepa m'pamene ine ndimaonera amene sipikalayu ankamuopa kukhumudwitsa.

Ovota sanaiwale. Nyuzipepala ya The New York Times inalimbikitsa anthu kusankha Mayi Quinn, koma pa 10 Sepitembala 2013 anathera pachitatu ndi mavoti osakwana 16 pa 100 alionse. Bill de Blasio anapeza oposa 40, napambananso chisankho chachikulu mu Novembala. Kumayambiriro kwa 2014 anasaina lamulo lofikitsa masiku a odwala aja kumakampani a antchito asanu kapena kuposerapo.

Tisathamangire kuwaombera m'manja a de Blasio ngati kuti kaundula wawo ndiye wosafunika kumufufuza. Anali khansala wa ku Brooklyn kuyambira 2002 mpaka 2009, ndipo pa kampeni ankanyadira kuti anakana temu yachitatu mu 2008. Anakanadi. Komatu mu 2005, pamene ankapikisana ndi Mayi Quinn pa mpando wa sipikala ndipo ankafuna mavoti a makhansala anzawo, analankhula zogwirizana ndi kuwonjezera matemu. Komanso kukana n'kosavuta kwa khansala wamba amene sakambirana bajeti ndi meya. Mayi Quinn ankayenera kugwira ntchito ndi a Bloomberg tsiku ndi tsiku, ndipo zina zabwino anazipeza mwa njira yomweyo. Voti imalemera malinga ndi mpando umene woiponyayo anali nawo, nthawi imene anaiponya, ndi chimene akanataya poiponya.

Ku Zambia anthu amasankha okha meya kuyambira 2016, pomwe ku Malawi makhansala ndiwo amasankha meya pakati pawo, choncho voti ya khansala ndiyo imabala meya. Kulikonse kumene muli, khansala akabwera n'kumawerenga zimene anavomereza, mufunseni tsiku limene nkhaniyo inafika koyamba patebulo lake, ndiponso amene anali wapampando wa komiti pamene inkagona. Pemphani maminitsi a misonkhano ya khonsolo muone zimene zinkangobwezedwa ku msonkhano wotsatira. Ndipo popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, musalekere kwa iye yekha. Pitani kwa mavenda, kwa osesa misewu ndi kwa amayi a mumsika amene anapereka madandaulo awo, muwafunse kuti anadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani ankawauza kuti abwerenso mawa.