Phunziro: Kunenepa Kwambiri ndi Khungu Losachedwa Kusupuka

Amayi anzanga, kuno kwathu mayi akanenepa timati bambo akusamala bwino, ndipo chibwerere matenda a Edzi ambiri timaopa kuwonda kuti anthu angatinene. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Lero tione zimene kunenepa kumachita pa khungu.

Mafuta a m'thupi, makamaka a pamimba, sangokhala phee ngati chimanga m'nkhokwe. Mu 1993 akatswiri a ku Boston, ku America, anasonyeza kuti mafuta akachuluka amatulutsa timadzi tomwe timaputa chitetezo cha thupi. Tonse timadziwa mmene chala chimatupira ndi kutentha chikabayidwa ndi minga. Patapita masiku chimaphwa. Koma kutupa kochokera ku mafutaku ndi kwa m'kati, sikuoneka, sikupweteka, ndipo sikuphwa. Kumapitirira zaka ndi zaka, kumasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga, ndi kuchedwetsa ntchito yokonza khungu likavulala. Komanso m'mafuta mumayenda magazi ochepa, pamene chilonda chimapola ndi magazi. N'chifukwa chake bala la opaleshoni yobereka kwa mayi wonenepa kwambiri kawirikawiri limachedwa kupola kapena kuchita mafinya.

Kuno ku Matope vutoli limakula ndi kutentha kwa m'mbali mwa Shire. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala thukuta limakhazikika pansi pa mawere, pansi pa mimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Khungu limakhulana, limafewa, kenaka n'kusupuka, ndipo tizilombo timapeza polowera. Pamafiira, pamayabwa, pena pamamveka fungo. Amayi ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, ngati kuti ndi uve. Si uve ayi. Mukasamba pukutani bwino m'mapindi monsemo ndi nsalu yoyera, mosakhula, ndipo valani zamkati za thonje, osati za nailoni. Pakafiira masiku angapo, kaonetseni kuchipatala.

Pali chizindikiro china chimene timachilakwira kwambiri: khosi kuda kumbuyo, khungu lake n'kukhuthala. Timayesa litsiro, n'kumakwecha mwana wamkazi ndi mwala kapena chinkhupule mpaka kumusupula. Kudako sikuchoka ndi sopo. Nthawi zambiri kumasonyeza kuti thupi layamba kuvutika ndi shuga. Ena amathamangira mafuta oyeretsa khungu a pamsika. Amayi, pamenepa ndiye musayese! Ambiri mwa mafuta amenewa ali ndi mankhwala amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu, ndipo limang'ambika msanga koposa kale.

Miyendo nayo iziyang'anidwa madzulo alionse. Ikamatupa, kabala kakang'ono ka khasu kapena ka nkhuni kangathe kusanduka chilonda cha miyezi. Pagonani miyendoyo ili pamwamba pa pilo. Mwendo ukatupa, kufiira ndi kutentha, thupi n'kuyamba kuphwanya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

M'boma lathu la Neno, mu 2015, unduna wa zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo unayambitsa kiliniki ya matenda a mgonagona, yoona shuga, kuthamanga kwa magazi ndi HIV pamodzi. Funsani kuchipatala chathu kapena ku Lisungwi tsiku loyezetsa shuga.

Sikuti mpaka mubwerere thupi la pautsikana. Mayi wa makilogalamu 90 akachotsako 5 okha, shuga ndi magazi zimayamba kusintha. Poyambira ndi pa tiyi: masipuni anayi a shuga akhale awiri. Mandasi ndi zakumwa za m'mabotolo zikhale za apo ndi apo, mitanda ya nsima ichepe, nkhwani, bonongwe ndi nandolo zichuluke m'mbale.

Pa msonkhano wotsatira, mayi amene ali ndi tepi yosokera abwere nayo. Tidzayezana m'chiuno, podutsa chapamchombo. Wopyola masentimita 88 tidzamupezera mnzake womuperekeza kukayezetsa.