Phunziro la Umoyo: Za Kachubu Kotulutsa Madzi m'Bala la Bere

Abale ndi alongo athu a m'midzi, mwezi uno tiphunzira pamodzi za amayi amene abwera kuchokera ku chipatala atachotsedwa bere chifukwa cha nthenda ya khansa. Nthendayi siisankha mtundu wa anthu, iyayi. Pakuti bungwe la WHO, loyang'anira umoyo pa dziko lonse, linawerenga akazi 2.3 miliyoni amene anapezeka nayo m'chaka cha 2020 chokha. Kwathu kuno opaleshoni yotere ichitika m'zipatala zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Tsono mayi wina afika pamudzi ali ndi kachubu kotuluka m'nthiti mwake, ndipo abale achita mantha, naopa ngakhale kumkhudza. Tiyeni tione ntchito ya kachubuko, ndi umo mayiyo angakhalire nako wosavutika.

1. Ntchito yake

Dotolo akachotsa bere, ndiponso nthawi zina timibulu ta m'khwapa tija titupa munthu akakhala ndi mwanabere, patsala malo opanda kanthu pansi pa khungu. Thupi lithira madzi m'malomo, ndipo madziwo akachuluka bala litupa, lipweteka, ndi kuchedwa kupola. Chifukwa chake dotolo asiyamo kachubu kofewa, nakamanga pakhungu ndi ulusi. Kunsonga kwake kuli kabotolo kofewa, kukula kwake ngati ndimu. Kabotoloko kakafinyidwa ndi kutsekedwa kafuna kufutukukanso, ndipo pakutero kayamwa madzi a m'bala. Mtundu wodziwika kwambiri utchedwa Jackson-Pratt, maina a madotolo awiri a ku America. Ulipo mtundu wina wa botolo lolimba. Wopatsidwa umenewo atsate zimene namwino amphunzitsa. Kotero kachubu sikatanthauza kuti nthenda yakula. Ndiko mthandizi wa masiku owerengeka.

2. Kukhuthula ndi kulemba

Khuthulani kawiri kapena katatu pa tsiku, ndiponso nthawi iliyonse kabotolo kakafika theka. Yambani mwasamba m'manja ndi sopo. Tsegulani chotsekera osakhudza kukamwa kwake, thirani madziwo m'kapu yoyesera, ndipo finyani kabotolo kufikira kaphwa. Mukatseke muli chifinyire, pakuti kakatsekedwa kali kofufuma sikayamwa kanthu. Madziwo muwataye m'chimbudzi, ndi kusambanso m'manja.

Pamenepo lembani m'kabuku tsiku, nthawi ndi muyeso wake. Ngati timachubu tili tiwiri, kalikonse kakhale ndi mzere wake. Mayi akakhala wosadziwa kulemba, mwana wa sukulu amthandize. Poyamba madzi akhala ofiira, kenaka ofiirira pang'ono, potsiriza achikasu ngati udzu wouma; nachonso chiwerengero chinka chicheperachepera. Umo ndimo muyenera kukhalira. Timagazi toundana tikatseka njira, kachubu kakamidwa ndi zala: dzanja lina ligwiritsa pafupi ndi khungu kuti ulusi usakokeke, linalo litsetsereka kunka ku kabotolo. Pemphani namwino akuonetseni zimenezi musanatuluke m'chipatala.

3. Kuvala, kugona ndi kusamba

Ululu wambiri wa kachubu uchokera pa kukokeka. Chifukwa chake kabotolo kasalendewere konse. Sokani kathumba ka chidutswa cha chitenje, mukamange m'chiuno ndi kachingwe, ndi kuikamo kabotoloko, kakhale m'munsi mwa bala. Kapena mukakolowekere ku chovala ndi phini, koma phiniyo isabaye kachubu. Malaya a mabatani kutsogolo ndiwo abwino, chifukwa safuna kukweza mkono; a bambo a m'nyumba angathe kubwereka awo.

Pogona, mayi agone chagada kapena chammbali ku mbali yopanda bala, ataika mtsamiro kapena nsalu yopinda pansi pa mkono wodwalawo. Ayang'ane kuti kachubu sikanapindike ndi kuti sanakagonere. Podzuka pamphasa atembenukire ku mbali yabwino, natsamire mkono wabwinowo. Asalowe mumtsinje kapena kuviika bala m'madzi. Adzipukute ndi kansalu koyera ndi madzi ofunda, ndipo pamene patulukira kachubu pakhale pouma. Mankhwala oletsa ululu amwe monga anauzidwa. Koma mankhwala a zitsamba, phulusa kapena mafuta zisafike pabalapo, pakuti zilowetsa tizirombo.

4. Za mkono ndi ntchito za pamudzi

Mkono usangokhala chikhalire, ungaume. Mayi afumbate ndi kufumbatula zala, apinde chigongono, azunguze mapewa pang'onopang'ono, ndi kuyendayenda pabwalo tsiku ndi tsiku. Koma madotolo ambiri aletsa kukweza chigongono kupitirira phewa kachubu kasanachoke. Tsono munsi, khasu, ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni zidikire. Asaberekenso mwana kumbuyo, chifukwa mfundo ya mbereko idutsa pachifuwa pomwepo. Ndipo tiana tating'ono tisaseweretse kachubu. Apa ndipo pali gawo lathu ife abale ndi anansi. Mayi amene alibe womtungira madzi adzanka yekha ku chitsime, ndipo bala lidzachedwa kupola. Mutu umodzi susenza denga.

5. Zizindikiro zothamangira nazo ku chipatala

Musadikire tsiku lolembedwa ngati thupi latentha kufika madigiri 38 kapena ayamba kunjenjemera. Ngati pabala pafiira, patentha ndi kutupa. Ngati madzi asanduka mafinya kapena anunkha. Ngati kabotolo kadzaza msanga ndi magazi ofiira. Ngati madzi aleka mwadzidzidzi pamene chifuwa chikutupa. Kapena ngati kabotolo kafufuma kokha mutangokafinya. Kachubu kakasololoka, musakabwezere m'kati: phimbani kabowoko ndi nsalu yoyera, nimupite.

6. Tsiku lochotsa

Kawirikawiri kachubu kakhala sabata limodzi kufikira atatu. Madotolo ambiri akachotsa pamene madzi a usana ndi usiku umodzi achepera mamililita 30, ndiwo masupuni aakulu awiri, kwa masiku awiri otsatana. Taonani tsono kufunika kwa kabuku kaja: ndiko kamene kauza dotolo kuti nthawi yakwana. Namwino adula ulusi, nasolola kachubu m'kamphindi, ndipo kabowoko katsekeka kokha m'masiku ochepa. Munthu asakachotse yekha kunyumba chifukwa cha kutopa nako. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi akasonkhananso pambuyo pake, dotolo angathe kuwakoka ndi singano.

Mafunso

1. Kabotolo katsekedwa kali kofinyidwa chifukwa ninji?
2. Tchulani zizindikiro zinayi zothamangira nazo ku chipatala.
3. M'mudzi mwanu akabwera mayi wotere, adzamsinjira ndi kumtungira madzi ndani?